Chiganizo Chimene Chinatsegula Geti

Anabwera kudzanditenga Lolemba m'mawa, tiyi wanga asanapole.

Ndinali pa tebulo langa, m'kachipinda ka pamwamba pa nkhokwe ya mankhwala, komwe zenera limayang'ana ku geti. Ndinaiona galimoto ya apolisi ikulowa, ndinawaonanso a Manijala akuithamangira, tayi ikuuluka paphewa. Ndinati n'zawo zimenezo, n'kubwerera pa kompyuta. Posakhalitsa chitseko chinatseguka popanda odi.

"Ndi awa," anatero a Manijala, akundiloza ndi mlomo.

Kumbuyo kwawo kunali mayi wamfupi, wathupi ndithu, wovala siketi yotuwa ndi nsapato zafulati. Yunifolomu analibe. Chikwama chake chinali chachikulu moti khanda likanagonamo bwinobwino.

"Ndine Sajeni, ndachokera ku polisi," anatero mayiyo. "Inu ndi amene amakutchulani Aphunzitsi?"

"Ndine amene."

"Lachitatu lapitali makatoni a mankhwala a shuga, aja obaya, anatuluka pa geti ili kupita kokawotchedwa ngati otha ntchito. Anali abwinobwino. Kowotcherako sanafikeko. Lero zipatala zaitanitsa, ndipo mufiriji mulibe ngakhale kabotolo. A Manijala akuti siginecha yomwe inatsegula njira ndi yanu."

Chinayamba kundibwerera m'mutu si ndende ayi, koma mwana wanga wamkazi, amene sabata imeneyo ankalemba mayeso ake omaliza. Bambo ake anatisiya. Ndikatsekeredwa, adzamudzutsa ndani m'mawa?

"Amangeni tizipuma," anatero a Manijala. "Akuluakulu akundiimbira foni mosalekeza."

"Unyolo uli m'chikwamamu, suthawa," anayankha a Sajeni. Anakoka mpando, n'kukhala pafupi nane, n'kuponya switi ya chifuwa mkamwa. "Mayi, ine za makompyuta ndine mbuli yotheratu. Ndiuzeni ntchito yanu ngati mukuuza mwana woyamba kumene sukulu."

Ndinayamba. Ndinawauza kuti nkhokwe yathu imayendetsedwa ndi pulogalamu yanzeru imene tonse timaitcha Kalaliki. Kalalikiyu amawerenga zimene zipatala zaitanitsa, amaona zimene zili m'mashelefu, n'kusankha chochita. Manja alibe, koma ali ndi zida zake za mukompyuta. China chimatumiza mankhwala ku zipatala, china chimaitanitsa atsopano, china chimaitana lole ya kowotchera n'kusindikiza chiphaso cha pa geti. Iye sadziwa kuti chida chilichonse chimachita chiyani. Amangodalira mawu ochepa olembedwa pansi pa chidacho.

"Ndiye mawuwo akapindika?"

"Amatenga nkhwangwa pomwe pamafunika singano. Ntchito yanga ndi kuyesa mawuwo asanafike kwa iye. Ndimaona ngati akunena zimene chida chimachita, nthawi yochigwiritsa ntchito, ndi nthawi yosachikhudza. Kenako ndimamupatsa Kalaliki ntchito zongoyeserera, n'kuona ngati watola chida choyenera. Ndinkaphunzitsa chiyankhulo kusukulu ndisanabwere kuno, n'chifukwa chake dzina lija."

"Ndionetseni mawu a chida chowotchera."

Ndinatsegula akale. Ankati: *Chida ichi chimaitana lole yopita kowotchera mankhwala. Chigwiritse ntchito pokhapokha tsiku lolembedwa pa botolo litadutsa. Ngati tsikulo silinadutse, usachikhudze, ngakhale mankhwalawo atakhalitsa bwanji m'nkhokwe.*

Kenako ndinatsegula atsopano, amene ndinasainira mwezi wathawo. Chinali chiganizo chimodzi: *Chida ichi chimachotsa m'nkhokwe mankhwala amene nthawi yake yakwana.*

A Sajeni anawerenga milomo ikugwedera. "Nthawi yake ya chiyani? Yofa, kapena yonyamuka?"

Mankhwala a mufiriji akakhalitsa pang'ono, kompyuta imawaika chizindikiro chakuti *nthawi yakwana*, kutanthauza kuti apite msanga ku zipatala. Kalaliki anaona mawu amenewo pa makatoni aja, anafufuza chida chokhala ndi mawu omwewo, n'kupeza chowotchera.

"Munasainiranji chinthu chotere?" anafunsa a Sajeni, osakweza mawu.

"Ndinalemba m'mbali kuti chafupika kwambiri. Koma lamulo la pano ndi lakuti Kalaliki akakhoza mayeso onse, mawuwo adutse. Anakhoza onse. Ndinasaina."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, switi ikugogoda m'mano. Kenako anadzuka.

"Muziyenda nane. Ndikakusiyani pano mwina mufafaniza zinthu. Ndikakutsekerani, palibe wondimasulira zimene azinena anzanuwa. Tiyeni."

*

Tinayambira m'chipinda cha makina, kwa mnyamata wamkulu wa mapulogalamu amene timamutcha Mawaya. Tinamupeza ataika miyendo pa tebulo, zomvera nyimbo zili m'khosi. Ataona chiphaso cha apolisi miyendo inatsika yokha.

"Madala, ine ndilibe nazo," anayamba asanafunsidwe. "Ine ndimangomata. Aphunzitsi akasaina, ine ndimatenga mawuwo, phaa, mukompyuta, basi. Ngakhale atalemba kuti mwezi ndi dzira, ndimata."

"Lachitatu munali kuti?"

"Pompano. Ndekha. Eya, ndikudziwa kuti sizikumveka bwino, koma ndinali pompano."

"Mukhoza kusintha mawu popanda wina kudziwa?"

Mawaya anakanda kumutu. "Kukhoza ndikhoza. Koma onani apa." Anatembenuza kompyuta. "Mawu amene ali mkati ndi omwewo amene Aphunzitsi anasainira, palibe ngakhale kadontho kosintha. Ndikanafuna kuba sindikanadutsira pa tebulo la mayi awa. Amandibwezera ngakhale uthenga wa pa foni kuti ndikonze."

"Chiganizo chatsopanochi analemba ndani?"

"Chinachokera kwa a Manijala. Anabwera ndi mawu ofupikitsa a zida zonse, akuti Kalaliki akuchedwa chifukwa chowerenga nkhambakamwa."

A Manijala anali ataima pakhomo, akumvetsera. Nkhope yawo inasintha.

"Kufupikitsa si kuba," anatero. "Akuluakulu anadandaula kuti zinthu zikuyenda pang'onopang'ono. Ine ndinangochita zimene bwana aliyense akanachita."

"Munalemba nokha?"

"Zambiri ndinalemba ndekha."

"Nanga ichi?"

Anamasula tayi pang'ono. "Mawu a zamankhwala amandisokoneza. A Dokotala anandithandiza tsiku lina pa nthawi ya nkhomaliro. Koma musawaganizire zoipa. Lachitatu sanali kuno n'komwe, anali ku msonkhano kutali, ndinawatumiza ndine. Anabwera Lachinayi."

A Dokotala si dokotala weniweni, ndi katswiri wathu wa zamankhwala, koma dzinalo linawamatirira. Anali mnzawo wapamtima wa malemu amuna anga, ndipo ine ndimawatcha alamu. Ndi amene anandiuza za ntchito imeneyi pamene ndinali nditasowa mtengo wogwira. Nditamva dzina lawo mtima wanga unakhala pansi. Ndinati tsopano zimveka, chifukwa iwo afotokoza kuti kunali kulakwitsa chabe.

A Sajeni sanalembe kalikonse. Anangoti, "Ku geti."

*

A mlonda athu ndi bambo wachikulire, wokonda nthabwala, amene amaona geti ngati munda wake. Amalisesa, amalithira mafuta, ndipo amakalipira aliyense wotaya pepala pafupi nalo.

"Lole ija? Ndikuikumbukira, mayi, ndiikumbukira mpaka kumanda," anatero. "Chiphaso chinali chabwinobwino, cha Kalaliki, chidindo chilipo. Dalaivala yemwe uja wa masiku onse, wamfupi, wa dzino lagolide. Palibe chimene ndikanaikanizira."

"Ndiye mukuikumbukira chifukwa chiyani?"

"Inandinyowetsera pa geti! Ndinali nditangosesa kumene, ndiye iyo yaima apa, madzi ali tho, tho, tho, kuchokera kumbuyo. Matope okhaokha. Ndinamufunsa kuti, iwe, lole yakoyi yayamba kukodza? Iye anaseka, akuti wangoitsuka. Kutsuka kwanji kwa lole yoti m'mbali muli fumbi loti ukhoza kulembapo dzina?"

A Sajeni anasiya kutafuna switi. "Madziwo ankadontha potuluka, kapena polowa?"

"Polowa, mayi. Isanasenze kanthu."

"Munayang'ana kumbuyoko?"

"Ndi ntchito yanga. Munali mabokosi abuluu, aja apulasitiki okhala ndi zivindikiro, aja anthu amaikamo zakumwa popita kokasangalala. Ndinakhudza limodzi, lozizira ngati mphuno ya galu. Ndinati mwina mnyamatayu ali ndi kabizinesi kake ka pambali. Munthu sufunsa zambiri."

"Munauzako ndani za mabokosiwo?"

"Andifunsa ndani? Pano anthu amandifunsa kiyi basi."

A Sajeni anawagwira pamkono. "Bambo, zimene mwandiuzazi zikhale m'mimba mwanu mpaka nditakuuzani. Inunso Aphunzitsi, pakamwa potseka."

Titachokapo pang'ono anaima pamthunzi wa khoma n'kundiyang'ana.

"Mayi, munthu wopita kukawotcha zinyalala amatenga madzi oundana a chiyani?"

Sanadikire yankho langa.

"Dalaivala uja anachoka kwawo akudziwa kuti akukanyamula mankhwala amoyo," anatero. "Kalaliki wanu sanapunthwe yekha. Alipo anamutchera mwendo."

*

Tikukwera masitepe foni yanga inalira. Anali mwana wanga, atangotuluka m'mayeso a m'mawa.

"Amayi, pepala la lero linali lophweka! Muli bwanji kuntchito? Mawu anu akumveka ena ake."

"Ndi chimfine," ndinanama. "Pita ukawerenge za mawa."

A Sajeni anamva zonse, koma anayang'ana kumbali ngati akuwerenga chikwangwani cha pakhoma. Tili m'kachipinda kanga anati, "Muyeseninso Kalaliki ine ndikuona. Mayeso omwe aja a mwezi watha."

Ndinawatsegula. Inali mitundu yosiyanasiyana ya mankhwala ongoyerekeza, ndipo Kalaliki ankayenera kusankha chochita ndi uliwonse. Mapiritsi otha tsiku, anaitana lole ya kowotchera. Mankhwala a chifuwa otha tsiku, chimodzimodzi. Oitanitsidwa ndi chipatala, anatumiza ku chipatala. Anakhoza kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Tsopano mpatseni a mufiriji, abwinobwino, okhala ndi chizindikiro chija cha nthawi yakwana."

Ndinalemba funsolo. Kalaliki sanachedwe. Anatola chida chowotchera, n'kuyamba kukonza chiphaso cha pa geti.

"Funso limeneli bwanji munalibe m'mayeso anu?"

Ndinabwerera m'mbuyo, ku mayeso a miyezi yapitayo. M'mayeso aliwonse munali mafunso amene timawatcha misampha: mankhwala ooneka ngati otha koma asanathe, mankhwala a mufiriji okhala ndi chizindikiro chija. Ndi mafunso amene amagwira mawu opindika. M'mayeso a mwezi watha, a zida zina zonse misampha inalimo. A chida chowotchera okha ndi amene analibe ngakhale umodzi.

"Mafunsowa mumalemba ndinu?"

"Ayi. Ine mankhwala sindiwadziwa. Ine ndimayesa mawu. Zitsanzo za mankhwala amandipatsa ndi..."



"Nenani, mayi."

"Ndi alamu. A Dokotala." Misozi inayamba kulengeza. "Koma Lachitatu kunalibe. Mwamva nokha."

"Lachitatu n'tsiku limene katundu anatuluka," anatero a Sajeni. "Kuba kunachitika tsiku limene chiganizo chija chinalembedwa. Munthu wotchera msampha sakhala pambali pake kudikira."

"Mwina anaiwala. Anthu amaiwala."

"Mwina. Ndipo akanena kuti anaiwala, ine ndilibe chowagwirira. Chiganizo chopindika si mlandu, funso losowa si mlandu. Papepala pali dzina lanu lokha." Anatsegula chikwama, n'kundipatsa switi imodzi. "Yamwani iyi. Tikalowa muofesi ya a Dokotala musayankhule, ngakhale zitakuwawani bwanji. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

*

Ofesi ya a Dokotala ili pafupi ndi chipinda cha mafiriji, ndipo mumamveka kulira kwa makina nthawi zonse. Anatilandira ataimirira, atavala chijasi chawo choyera, magalasi ali pamphumi.

"Mlamu!" anatero, akundigwira manja onse awiri. "Ndamva. Musaope, ndauza kale a Manijala kuti inu simungabe ngakhale singano. Mayi Sajeni, mayi awa ndi mkazi wa m'bale wanga. Ngati pakufunika womuimira, ndilipo."

Manja awo anali ofunda. Ndinafuna kugwa pachifuwa pawo n'kulira.

"Zikomo bambo," anatero a Sajeni, akudziponya pampando ngati munthu wotopa. Mawu awo anasintha, anakhala a mayi wosadziwa kanthu. "Ine zinthuzi zandizunguza mutu. Akuti chiganizo chija munathandiza kulemba ndinu?"

"Ndinathandiza, ndipo chikundiwawa. A Manijala ankafuna zachidule, ine ndinafupikitsa. Sindinaganize kuti makina angamve mwina. Ife anthu tikati nthawi yakwana timamvana."

"Zoona. Nanga mafunso a misampha aja, akuti munalibe?"

"Ndinali pa liwiro, ndikukonzekera msonkhano. Ndi kulakwitsa kwanga, ndivomera pamaso pa aliyense. Koma kulakwitsa ndi kuba ndi zinthu ziwiri."

"Inde, inde. Ndipo Lachitatu munali kutali."

"Anthu odzaza holo anandiona ndikuyankhula. Zithunzi zilipo."

A Sajeni anagwedeza mutu, n'kuyamba kufufuza m'chikwama ngati ataya kanthu. Anatulutsa mpango, kiyi, chipeso, n'kubwezeramo.

"Ndithandizeni chimodzi, inu odziwa. Ine chikundidetsa nkhawa ndi odwala. Titati tawapeza mankhwalawo lero, angakhale akadali ndi ntchito? Kapena ndikungotaya mafuta a boma?"

A Dokotala anatsitsa magalasi, n'kukhala bwino pampando. Funso la ntchito yawo ankalikonda kuposa chakudya.

"Kunena zoona, mayi, chiyembekezo n'chochepa. Mankhwala amenewa safuna kutentha ngakhale pang'ono. Ndipo mabokosi abuluu aja sasunga kuzizira nthawi yaitali. Ndi dzuwa limeneli, pofika madzulo madzi oundana amakhala atasungunuka. Ngati akubawo sanawaike mufiriji tsiku lomwelo, iwalani."

A Sajeni anatseka chikwama.

"Mabokosi ati, bambo?"

"Aja a mu lole."

"Abuluu."

"Kaya abuluu, kaya otani. Ndangonena."

"Mwanena abuluu. Inu munali ku msonkhano. Lole ya kowotchera siyenda ndi mabokosi ozizira. A Manijala sakudziwa za mabokosi, Mawaya sakudziwa. Inu mwawaona kuti?"

"A mlonda anandiuza. Lachinayi, nditabwera."

A Sajeni anadzuka, anatsegula zenera n'kukuwa. A mlonda anabwera akuthamanga pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja.

"Bambo, munawauza a Dokotala za zimene munaona mu lole?"

A mlonda anayang'ana uku ndi uku. "Ine? Bwanawa amalowa pa geti galasi la galimoto lili lotseka. Chaka chino sitinapatsanepo ngakhale moni."

Thukuta linawatuluka a Dokotala pamwamba pa mlomo, m'chipinda chozizira chotero. Anavula magalasi, anawapukuta ndi chijasi, anawavalanso.

Ndinaiwala zimene a Sajeni anandiuza.

"Alamu," ndinatero, mawu akutuluka ang'onoang'ono. "Munkadziwa kuti siginecha ndi yanga."

Sanandiyang'ane. Anayang'ana kalendala ya pakhoma.

"Ndimayesa aimba mlandu kompyuta," anatero pomaliza. "Kompyuta saimanga, mlamu. Ndimati anena kuti makina alakwitsa, nkhani n'kutha. Sindinaganize kuti zifika kwa inu."

"Simunaganize," anabwereza a Sajeni. Ulendo uno chimene anatulutsa m'chikwama sichinali chipeso. "Imirirani, bambo. Manja kutsogolo. Ndipo ngati mwatsala ndi chisoni ngakhale chochepa, mundiuze kumene kuli mankhwala dzuwa lisanapendeke."

Sanawauze. Anatuluka ali chete, chijasi choyera chili paphewa kubisa unyolo, antchito onse ataima m'makonde.

*

Amene anaulula ndi dalaivala wa dzino lagolide. Apolisi anamupeza masana omwewo akudya kuseri kwa galaja ya kampani imene amagwirako ntchito, ndipo atangomva kuti a Dokotala ali m'manja, anayamba kuyankhula asanasambe m'manja. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Mankhwala anali m'sitolo ya zakumwa ya msuweni wa a Dokotala, kudikira wogula wochokera kutali amene anachedwa kubwera.

Ambiri anali mufiriji ya zakumwa, kuseri kwa mabotolo, ali bwinobwino. Koma malo atachepa, mwini sitolo anaponya makatoni ena mufiriji youmitsa nyama, poganiza kuti kuzizira kwambiri ndiye kusamala kwambiri. Amenewo anauma gwa, n'kuwonongeka. Katswiri wa zamankhwala wa ku chipatala chachikulu, amene apolisi anamuitana kudzawayeza, anawapatula akupukusa mutu. Amenewo anapitadi kowotchera.

Madzulo a Manijala anabwera m'kachipinda kanga, n'kuima pakhomo akusisita manja.

"Aphunzitsi, mukudziwa mmene zinalili. Akuluakulu anali pakhosi panga."

"Ndikudziwa."

"Mawu akale aja abwererepo. Onse. Atalike mmene mukufunira. Ndipo mukalemba m'mbali kuti chinthu sichili bwino, chisadutse, kaya Kalaliki wakhoza kaya walephera."

Pepani sanamutchule, koma kwa munthu ngati iwo pamenepo anali atagwada. Ndisanaweruke ndinabwezeretsa mawu a chida chowotchera, n'kumufunsanso Kalaliki funso la a Sajeni lija. Anasiya chowotchera, n'kutumiza mankhwala ku chipatala. Mawaya anandibweretsera tiyi wina, wotentha. Ndinakafika kunyumba nthawi yanga ya masiku onse, ndipo mwana wanga anandipeza ndikusita yunifolomu yake.

Lachiwiri m'mawa a Sajeni anaima pa geti ndi galimoto, makatoni opulumuka ali kumbuyo m'mabokosi ozizira a nkhokwe yathu.

"Si umboni wa kukhoti umenewu?" ndinafunsa.

"Ndajambula zithunzi, katswiri wasaina, woweruza wavomera. Matenda a shuga sadikira khoti. Kwerani, mukaone kumene mawu anu amathera."

Sindinali ndinapitako ku zipatala zimene timatumizako mankhwala. Kwa ine zinali mayina pa kompyuta. Titafika pa choyamba, ndinapeza anthu atakhala pa mabenchi mpaka panja, ena pansi m'mbali mwa khoma. Ena anali atabwera dzulo lake n'kubwezedwa. Panali bambo wovala ovolosi ya umakaniko, mayi woyembekezera, mtsikana wa yunifolomu ya sukulu wamsinkhu wa mwana wanga atagoneka mutu pamiyendo ya mayi ake. Namwino atationa tikutsitsa makatoni anaika manja kumutu, n'kuthamangira mkati akukuwa kuti abwera.

Pa mabenchi panadutsa phokoso ngati mphepo m'mitengo. Makaniko uja anadzuka, n'kudzandilanda katoni m'manja.

"Bweretsani, mayi, ndinyamule. Mwatipulumutsa. Dzulo ndinabwerera kunyumba maso akuchita chidima, ndimati basi kwanga kwatha."

"Si ine, bambo," ndinatero. "Ndi mayi awo."

Ndinatembenuka kuti ndiwaloze, koma a Sajeni anali atachokapo. Ndinawapeza kuseri kwa galimoto, atakhala pa mwala, atavula nsapato imodzi, akusisita chidendene.

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira monse. Ine amene ndimadya chifukwa cha mawu, nditaima pamaso pawo onse anabalalika.

"Mayi Sajeni, mukanatha kungondimanga dzulo m'mawa. Pepala linalipo, bwana analoza. Palibe akanakufunsani."

"Ndikanalemba lipoti lalifupi, n'kukadya nkhomaliro pa nthawi yake," anavomera. "Koma musandiyese mngelo. Mukanakhala kuti munaba ndinu, ndikanakumangani ndi manja omwewa, mwana wanu ali m'mayeso choncho."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikuthokoza."

Anandiyang'ana, n'kuseka pang'ono, koyamba chikumanireni. Kenako anavala nsapato, anagwira dzanja langa kuti ndiwadzutse, ndipo atadzuka sanalisiye msanga.

"Pukutani m'maso, Aphunzitsi," anatero. "Kwatsala zipatala zina, ndipo kumeneko nakonso anthu ali pa mabenchi."